Ulendo woyamba wa ku Joni pa basi: zochita kuyambira pakhomo mpaka kukafika

Azigogo athu popita ku migodi pa Wenela ndi pa Theba ankachita kulembedwa, kuyezedwa, kukwezedwa, ndipo kumeneko ankafikira m'makomboni momwe munali anthu owalandira. Moyo wake unali wowawa, koma za njira sankadandaula nazo, zinali m'manja mwa kampani. Lero munthu umanyamuka wekha pa Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, chikwama kumsana, ndipo palibe amene wakukonzera kanthu. Johannesburg ndi mzinda wa anthu mamiliyoni angapo. Amene amavutika kwambiri tsiku loyamba ndi uja watsika basi asakudziwa kolowera, ngakhale akhale ndi ndalama zambiri m'thumba. Choncho zambiri mwa zomwe zili m'munsimu muzichite musanakwere basi.

Yambani ndi amene akakulandireni

Musanagule tikiti, musanasinthe ndi kwacha imodzi yomwe, mudziwe bwinobwino amene akakulandireni komanso komwe amakhala. Kwathu kuno aliyense amene ali ku South Africa timangoti ali ku Joni, pomwe mwina ali ku Pretoria, ku Durban, kapena ku Cape Town komwe ndi ulendo wina wa makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Johannesburg. Ngakhale amene alidi chakumeneko akhoza kukhala ku Tembisa, Diepsloot, Germiston, Randburg kapena Soweto, ndipo malo amenewa ndi otalikirana, lililonse lili ndi kokwerera kwake.

Muwauze akutumizireni adiresi yonse: nambala ya nyumba, dzina la msewu, ndi dera. Mupemphenso nambala ya foni ya munthu wachiwiri, kaya ndi mkazi wawo, mnzawo wakuntchito kapena neba wa Chimalawi. Zonsezi muzilembe papepala ndi cholembera, osangodalira foni, chifukwa batire imatha ndipo foni imabedwa. Adiresi yomweyo akhoza kukufunsani pachipata cha Beitbridge.

Kenako mugwirizane tsiku. Abale athu ambiri kumeneko amagwira ntchito zoti sangangochoka mmene afunira: m'mashopu, m'nyumba za anthu, m'minda ya maluwa, m'malesitilanti. Afunseni tsiku lomwe amapuma, ndipo ulendo wanu muukonze kuti mukafike tsiku limenelo. Mawu oti "mukangofika mudzandiimbire" musakhutire nawo. Muwafunse kuti akakupezani pati, nthawi yanji, nanga basi ikachedwa ndi maola 10 zikatani, pakuti kuchedwa kotere kumachitika.

Pasipoti

Pa ulendowu mufunika pasipoti yeniyeni. Kachiphaso kodutsira m'malire kamene anthu a ku Mwanza kapena ku Dedza amapitira kutsidya kukagula zinthu sikangakufikitseni kulikonse. Mmalawi safunika viza kuti adutse Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo ku South Africa amaloledwa kucheza mpaka masiku 30 popanda viza. Onani kuti pasipoti yanu siili pafupi kutha: malamulo a kumeneko amafuna kuti ikhale ndi masiku osachepera 30 otsala kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke, koma kuti mtima ukhale m'malo, ikhale ndi miyezi ingapo. Onaninso masamba opanda kanthu. Ulendo umodzi wopita ndi kubwera umadya zidindo 12, poti pachipata chilichonse pali chotulukira ndi cholowera.

Jambulitsani tsamba lomwe lili ndi chithunzi chanu, mapepala awiri. Limodzi musiye kunyumba, lina muliike m'chikwama chosiyana ndi momwe muli pasipoti. Mulijambulenso pafoni n'kudzitumizira pa WhatsApp. Ngati mukuyenda ndi mwana, makamaka amene si wanu wobereka kapena ngati kholo linalo latsala, mufunse ku Imigireshoni ndi kukampani ya basi makalata omwe akufunika, mudakali ndi nthawi yowasainitsa.

Pali anthu otchedwa matransipota amene amalonjeza kukufikitsani popanda pasipoti, kapena kukudinditsirani inu muli khale m'basi. Ena anafikadi motero, n'zoona. Enanso anasiyidwa m'tchire pafupi ndi Limpopo, ena anatsekeredwa m'nyumba mpaka abale atatumiza ndalama zina, ndipo ena chidindo chawo chinapezeka kuti n'chabodza tsiku lobwerera. Pasipoti mupereke nokha pa kauntala, ndipo muilandirenso nokha.

Ndalama

Mudutsa mayiko anayi okhala ndi ndalama zosiyana, koma simufunika zonsezo. Ma rand ndiwo ofunika kwambiri, kuwonjezapo timadola tating'onoting'ono ngati mungatipeze, poti ku Zimbabwe dola ya ku America imayenda paliponse ndipo chakumwera kwake rand amalandiranso. Sinthani kubanki kapena ku ma bureau ovomerezeka, mutatenga pasipoti ndi tikiti, ndipo risiti muisunge. Ndalama zakunja zimavuta kupeza kwathu kuno, ndiye yambani kufufuza masabata angapo ulendo usanakwane. Anyamata osintha ndalama pachipata alipo, koma mawerengedwe awo ndi achangu dala, ndipo mlendo amene sadziwa maonekedwe a rand ndi wosavuta kumupusitsa.

Ndalama zapepala za ku South Africa ndi R10, R20, R50, R100 ndi R200, zonse zili ndi nkhope ya Nelson Mandela. Yesetsani kukhala ndi ma R10 ndi ma R20 angapo, chifukwa chake muchiona pa nkhani ya mataxi. Ndalamazo muzigawe patatu: zochepa m'thumba lakutsogolo zogulira madzi ndi kulipirira chimbudzi panjira, zina m'kachikwama komangirira m'kati mwa zovala, zotsalazo pena. Amayi ambiri amasoka kathumba m'kati mwa siketi kapena kabudula wam'kati, ndipo nzeru imeneyi abambo asaione yachikale.

Basi ndi katundu

Kwerani basi yokhala ndi ofesi yomwe mukhoza kubwererako kukadandaula, yopereka tikiti yolembedwa dzina lanu ndi nambala ya mpando. Kutchipa kusakukopeni kwambiri: basi yofooka ikafera pakati pa Masvingo ndi Beitbridge, zomwe munapulumutsa mumazidyera panjira. Pogula tikiti mufunse zinthu zitatu. Ikatsitsira pati ku Johannesburg, poti mabasi ena monga Intercape amafikira pa Park Station pomwe ena ali ndi malo awoawo m'tauni momwemo? Katundu waulere ndi makilogalamu angati? Nanga tikiti yobwerera mungaguliretu? Ngati n'kotheka iguleni, imathandiza pachipata akakufunsani kuti mubwerera liti.

Chikwama chachikulu chimalowa pansi pa basi kapena m'ngolo yakumbuyo, ndipo simuchionanso mpaka pachipata. Chilembeni dzina ndi nambala, mumangirirepo kansalu kowala kuti muchizindikire msanga. Zonse zofunika zikhale m'kachikwama ka pamiyendo: pasipoti, pepala la adiresi, cholembera, mankhwala, chaja, pawabanki yodzaza, madzi, tishu, mswachi, ndi chakudya chosaonongeka msanga monga buledi, mtedza wokazinga ndi mabisiketi. Mbatata yophika ndi nkhuku yokazinga mudye tsiku loyamba lomwelo, chifukwa kutentha kwa ku Tete sikusunga ndiwo.

Kuzizira musakuderere. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu June ndi July usiku ndi m'mamawa kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu. Wa ku Nsanje kapena ku Salima amene juzi amangoiona pa kaunjika agule jekete yochindikala, chipewa ndi masokosi. Kabulangete kakang'ono kam'basi n'kofunika miyezi yonse. Kuyambira October mpaka March kumatentha, ndipo masana mvula yamabingu imangobwera mwadzidzidzi.

Abale akakutumani usipa, mpunga wa Kilombero, ufa woyera kapena thelele louma, mudziwe kuti pachipata cha South Africa zakudya zina, makamaka nyama, zipatso, mbewu ndi zomera, saloleza kulowa popanda chilolezo ndipo amalanda. Afunseni a basi zomwe zikudutsa masiku ano. Phukusi la munthu wosamudziwa musanyamule, ngakhale lomatidwa bwino chotani, ngakhale mwini wake akhale gogo womvetsa chisoni. Chopezeka m'chikwama chanu ndi chanu.

Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ma ARV, tengani okwanira ulendo wonse ndi owonjezera, ali m'mabotolo ake, pamodzi ndi buku lanu lakuchipatala.

Panjira ndi pazipata

Kuchokera ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700. Mumatulukira pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue, pomwe mabasi ena ochokera ku Lilongwe amadzera pa Dedza. Mumawoloka Zambezi pa Tete, kutuluka pa Cuchamano, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo mpaka Beitbridge. Mukawoloka Limpopo muli ku Musina, ndipo msewu wa N1 umakutengani kudzera ku Polokwane ndi Pretoria. Yembekezerani kukhala panjira tsiku ndi theka kapena masiku awiri, malingana ndi mizere ya pazipata. Wotchi musasinthe, mayiko onsewa nthawi ndi imodzi.

Pachipata chilichonse machitidwe ake ndi ofanana: mumatsika, kuima pamzere, kudinditsa, nthawi zina kutsitsa katundu yense kuti aonedwe, kenako kukwera. Lowezani mtundu wa basi yanu ndi nambala yake, mukhozanso kuijambula muli kunja kwa chipata, chifukwa pa Beitbridge pamaima mabasi ambirimbiri ofanana ndipo usiku onse amaoneka amodzi. M'kati mwa maofesi a pachipata musajambule. Dziwanani ndi amene mwakhala naye pampando, kuti wina akachedwa kuchimbudzi mnzake auze kondakitala. Madobadoba okuuzani kuti "bweretsani pasipoti ndikudutsitseni mwachangu" muwayankhe mwaulemu kuti muli ndi a basi, n'kupitirira.

Beitbridge ndiye pofunika kudekha. Chipatachi chimagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo nyengo ya Khirisimasi, kumayambiriro kwa January ndi pa Isitala mukhoza kuimapo maola ambiri. Mukafika pa kauntala ya South Africa, vulani chipewa, foni ikhale m'thumba, perekani moni. Mafunso ake ndi achidule: mukupita kuti, kukatani, masiku angati. Yankhani zoona komanso mwachidule, adiresi ili m'manja. Akakubwezerani pasipoti musathamangire kubasi. Imani pambali pomwepo, tsegulani tsamba lomwe adinda, muwerenge tsiku lomwe alemba kuti mukhale mutatuluka. Si nthawi zonse amapereka masiku 30 athunthu, nthawi zina amalemba ochepa, ndipo chomwe chimagwira ntchito ndi chomwe chalembedwacho. Ngati chidindo sichikuwerengeka, kapena sanadinde n'komwe, bwererani pa kauntala nthawi yomweyo. Mukakazindikira muli ku Polokwane palibenso chomwe mungachite.

Tsikulo mulilembe papepala lanu lija ndipo muuzenso okulandirani. Kupitirira masiku kumeneko kulibe zolipira faindi n'kukhululukidwa. Amakulembani kuti ndinu wosafunika m'dzikomo: mukapitirira ndi masiku osaposa 30 amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, mukapitirira ndi masiku oposa 30 chiletso chake ndi zaka 5. Dziwaninso kuti chidindo cha mlendo sichikulolani kugwira ntchito. Ogwidwa alibe mapepala oyenera amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo, ndipo kudikirako kumatha kutenga nthawi yaitali.

Ola loyamba mumzinda

Mukadutsa Pretoria, pemphani foni kwa mnzanu wa m'basi amene ali ndi nambala ya kumeneko, muwadziwitse okulandirani kuti mwayandikira. Amalawi oyendayenda amathandizana pa zimenezi, ingomupatsani kenakake ka mayunitsi.

Basi ikaima, tsikani ndi kachikwama kanu kali kutsogolo, pamimba, ndipo muime pomwe akutsitsira katundu mpaka chanu chituluke. Pabwera anthu ofuna kukunyamulirani, ena ndi matrole, ena akukuitanani m'Chichewa chenicheni kuti "achimwene, mukulowera kuti?" Kumva chilankhulo chakwanu kutali chonchi kumasungunula mtima, ndipo akathyali amadziwa zimenezo. Yankhani moni, koma chikwama musapereke, komwe mukupita musanene.

Park Station ndi siteshoni yaikulu kwambiri, ya mabasi ndi sitima, yokhala ndi mashopu, malo odyera, zimbudzi ndi alonda. M'kati mwake ndi mwabwinoko kusiyana ndi misewu yozungulira. Choncho ngati okulandirani sanafike, khalani m'kati, pafupi ndi ofesi ya basi yanu kapena pamalo odyera pomwe pali anthu ndi kuwala. Ngati mwafika usiku, dikirani kuche. Kutuluka ndi zikwama usiku kuti mukayang'ane taxi nokha cha ku Joubert Park kapena Hillbrow ndiko kulakwitsa kwakukulu komwe mlendo angachite. Ngati basi yanu ili ndi malo akeake, chitaninso chimodzimodzi: khalani m'bwalo lawo ndipo muwauze a ofesi kuti mukudikira munthu.

Safunsa anadya phula, koma ku Joni wofunsayo asankhe womufunsa. Funsani mlonda wa yunifolomu amene ali pantchito pakhomo, wogulitsa m'shopu amene ali kuseri kwa kauntala, kapena mayi wachikulire wogulitsa zipatso. Amene wakulondolani yekha n'kudzipereka kuti akuperekezeni, ameneyo ayi.

Foni

Mawa lake gulani simu khadi ya Vodacom, MTN, Telkom kapena Cell C. Lamulo la kumeneko, lomwe amalitcha RICA, limafuna kuti nambala ilembetsedwe, ndipo mlendo amaonetsa pasipoti ndi umboni wa komwe akukhala, ndiye mupite ndi okulandiraniwo kushopu yeniyeni. Simu ya TNM kapena Airtel muisunge bwino. WhatsApp ikakufunsani ngati mukufuna kusintha nambala, kanani, ipitiriza kugwira ntchito pa nambala yakwanu ndipo akumudzi azikupezani.

Kanthu kamene ambiri amaiwala ndi pulagi. Masoketi athu ndi a mano atatu amakona, a kumeneko ndi a mano atatu obulungira. Chaja yanu siilowa popanda adaputala, yomwe imapezeka motchipa m'masupamaketi. Mukapeza intaneti, tsitsani mapu a Johannesburg pa Google Maps kuti azitseguka ngakhale bandulo itatha. Sungani manambala awa: 10111 apolisi, 10177 ambulansi, ndi 112 pa foni yam'manja.

Mataxi

Zomwe ife timati minibasi, kumeneko ndi taxi, ndipo ndi zomwe anthu ambiri amayendera. Kusiyana kwake ndi kwathu n'kwakuti nthawi zambiri mulibe kondakitala, ndipo palibe woitanira amene akukuwa dzina la komwe ikupita mukaima m'mbali mwa msewu. Mumaimitsa ndi chala. Chala chamkombaphala choloza m'mwamba ndiye kuti mukupita m'tauni. Choloza pansi ndiye kuti mukutsika pafupi, m'dera lomwelo. Madera ena ali ndi zizindikiro zawozawo, ndipo okulandirani akuphunzitseni cha kwanuko tsiku loyamba. Dalaivala akaona chizindikiro chosagwirizana ndi njira yake amangodutsa, osati chifukwa chodana nanu.

M'tauni mataxi amakwerera m'marenki akuluakulu monga Bree, Noord ndi Wanderers, ndipo renki iliyonse ili ndi madera ake. Mayina a misewu ina anasinthidwa: Bree pazikwangwani ndi Lilian Ngoyi, Jeppe ndi Rahima Moosa, Noord ndi Sophie de Bruyn. Anthu amatchulabe akalewo, ndiye mapu a pafoni ndi pakamwa pa anthu nthawi zina zimasiyana. M'renki mumakhala oyang'anira mizere, afunseni iwowo kuti taxi yakwanu ili mzere uti.

Mukalowa perekani moni, "Sanibonani" amakwanira. Taxi ikanyamuka ndalama zimayamba kuyenda. A mzere wakumbuyo amasonkhanitsa zawo, mmodzi n'kupatsira kutsogolo akunena kuti ndi za anthu angati, mzere wotsatira chimodzimodzi, mpaka zonse zifike kwa amene wakhala pambali pa dalaivala. Ameneyo ndiye amawerenga n'kubweza tchenji, chomwe chimabwereranso m'manja m'manja mpaka kwa mwini wake. Ndiye inu mlendo mpando wakutsogolo muupewe, pokhapokha ngati mukufuna kuwerengera anthu 15 tchenji m'ndalama zomwe mwaziona dzulo, dalaivala akukuyang'anani cham'mbali. Musatulutsenso R200 m'mamawa, mudzamva Chizulu chomwe simunaphunzire. Funsani mtengo kwa amene mwayandikana naye ndipo mupereke yokwanira ndendende ngati muli nayo.

Potsika mumanena mokweza, nthawi idakalipo: "after robot" ngati mukutsika mukangodutsa maloboti, "short left" kapena "short right" ngati ndi pa kamsewu kotsatira. Mukanong'ona mukatsikira kutali. Ngati simukudziwa potsikira, muuzeni dalaivala pokwera pomwe, ambiri amakumbukira.

Njira zina zilipo. Gautrain ndi sitima yachangu yochokera pambali pa Park Station kudzera ku Rosebank, Sandton, Midrand ndi Centurion mpaka Pretoria ndi Hatfield, ndipo nthambi ina imapita kubwalo la ndege la OR Tambo. Ndi yodula kuposa taxi koma yaukhondo ndi yosunga nthawi, ndipo m'katimo saloleza kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu. Mabasi a Rea Vaya amalumikiza tauni ndi Soweto, amalipiridwa ndi khadi. Uber ndi Bolt ndi zothandiza usiku kapena muli ndi katundu. Musanakwere onani kuti nambala ya galimoto ndi nkhope ya dalaivala zikufanana ndi za pafoni, ndipo musaitanire pakhomo pa renki kapena pa siteshoni, chifukwa pamakhala mikangano pakati pa iwo ndi a mataxi.

Kuyenda m'tauni

Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, koma misewu yambiri ya m'tauni ndi yolowera mbali imodzi ndipo mataxi sadikira munthu. Wolokerani pa maloboti pamodzi ndi gulu. Misewu ikuluikulu ngati M1 ndi N1 si yowoloka wapansi.

Foni isaoneke mumsewu. Mukafuna kuona mapu kapena kuyankha, lowani m'shopu. Yendani ngati mukudziwa komwe mukupita ngakhale mwasokera, mukafunse mutalowa penapake. Kuima pakati pa njira khosi lili m'mwamba kuwerenga nsanjika za Carlton Centre ndiko kudzilengeza kuti mwafika lero. Ndolo zagolide, tcheni ndi wotchi yodula zitsale kunyumba. Dzuwa likamalowa mukhale mutachoka pakati pa tauni. Achifwamba akakuzingani, apatseni zomwe akufuna osalimbana nawo, ambiri amakhala ndi mpeni kapena mfuti.

Pa ATM gwiritsani ntchito za m'kati mwa banki kapena m'mamolo. Wina akakuyandikirani kuti makinawo avuta akuthandizeni, dinani batani loletsa, tengani khadi lanu muchoke, chifukwa amasinthanitsa makhadi m'kuphethira kwa diso.

Apolisi ali ndi mphamvu yokufunsani mapepala, choncho pasipoti muziyenda nayo m'thumba lam'kati. Akakuimitsani, onetsani tsamba la chidindo modekha. Ngati masiku anu ali bwino mulibe mlandu, ndipo palibe chifukwa choperekera ya fanta. Pasipoti ikatayika kapena kubedwa, kanenani kupolisi akupatseni kalata, kenako mupite ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku ofesi yake ya ku Johannesburg, mutatenga pepala lojambulitsa lija, kuti akuthandizeni ndi chikalata chobwererera kumudzi.

Nkhani ya kuzunzidwa kwa alendo tisaibise. Mu 2008, 2015 ndi 2019 kunabuka ziwawa zolimbana ndi anthu ochokera kunja, ndipo mu 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Masiku ambiri anthu amakhala bwinobwino ndi aneba awo, ndipo mudzakumana ndi eni dziko okoma mtima ambiri. Komabe mverani okulandirani akakuuzani kuti lero musapite kwakutikwakuti, ndipo mukaona gulu likuguba ndi zikwangwani, bwererani.

Mukadwala

Ku Johannesburg kulibe malungo, ndiye achipatala sangafulumire kuwaganizira. Mukamva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'masabata oyamba, pitani kuchipatala msanga ndipo munene momveka kuti mwachokera ku Malawi kudzera ku Tete, akuyezeni malungo. Musangoti ndi chimfine cha kuzizira n'kumamwa panado.

Kugula ndi kuona malo

Ogula katundu wa geni amapita ku China Mall cha ku Crown Mines, Dragon City, Oriental Plaza ku Fordsburg, ndi Small Street m'tauni. Ulendo woyamba pitani ndi munthu wozolowera, m'mamawa, ndipo tsiku loyamba lingokhala lofunsa mitengo. Malisiti onse sungani. Nsima simuisowa, kumeneko ndi pap, ndipo Asilamu apeza mizikiti ndi chakudya cha halaal chambiri ku Fordsburg ndi Mayfair.

Mupatule tsiku limodzi loona mzinda, musangobwerako mukudziwa mashopu okha. Ku Soweto, mumsewu wa Vilakazi ku Orlando West, kuli nyumba yomwe Mandela ankakhala, ndipo chapafupi pali chikumbutso cha Hector Pieterson ndi ana asukulu omwe anaphedwa pa zionetsero za pa 16 June 1976. Apartheid Museum imafuna maola angapo. Okonda mpira akaone FNB Stadium, pomwe panaseweredwa ndime yomaliza ya World Cup ya 2010.

Kubwerera

Konzani zonyamuka kudakali masiku atatu kapena anayi tsiku la pachidindo lisanakwane. Chomwe chimawerengedwa ndi tsiku lomwe mwadinditsa potuluka pa Beitbridge, osati lomwe mwakwera basi ku Johannesburg, ndipo basi ikhoza kusintha tsiku kapena kufa panjira. Mu December mipando imatha msanga, gulirenitu.

Katundu wobwerera amayezedwa pa sikelo ndipo wopitirira mumalipira, ndiye siyani ndalama ya zimenezo. Siyaninso ya msonkho, chifukwa pa Mwanza kapena pa Dedza a MRA adzafuna kuona zomwe mwagula ndi malisiti ake. Lembani mndandanda wa katundu yense ndi mitengo yake musanapakire, chikwama chilichonse pachokha, kuti pachipata musadzachite kukhutula zonse pansi kufunafuna risiti imodzi. Ndalama zotsala zambiri musayende nazo m'thumba: mukhoza kuzitumiza kumudzi kudzera ku Mukuru kapena Hello Paisa musananyamuke, n'kungotsala ndi zapanjira komanso makwacha okwanira minibasi kapena kabaza wokufikitsani pakhomo.